Bambo Raul ndi Njira Zopanda Magalimoto

Ku Kambuzuma kuno, munthu akakumana ndi Bambo Raul Lamulungu Misa itatha, ali pa njinga, dzanja limodzi pa handulo lina pachifuwa, sawapatsa moni. Ngakhale awapatse, sayankhidwa. Alendo amawayesa amwano, ena amati ndi ogontha. Ife a mpingo timadziwa kuti mkati mwa malaya awo mumakhala kathumba kachikopa kolendewera pakhosi, ndipo m'kathumbamo muli kabokosi ka Ukaristiya umene akupititsa kwa odwala. Kuchokera pamene aulandira m'tchalitchi mpaka kufika pa bedi la wodwala, satsegula pakamwa. Bambo mfumu a parishi yathu anawauzapo kuti palibe lamulo lowaletsa kuyankha moni, koma iwo anangoti, "Ndikanyamula Ambuye, kucheza ndimasiya kunyumba."

Anabwera ku Harare kuchokera ku Tete nthawi ya nkhondo, ali mnyamata. Anagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku Workington mpaka kampani yawo inatseka. Akazi awo anamwalira kalekale, ana ali ku Joni. Amakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni, ndipo njinga imagona mkati, pafupi ndi bedi.

Njingayo ndi yachikale, yobiriwira, ya handulo yopindika. Anawasiyira ndi wansembe wina wa ku France amene anakhala pa parishi yathu zaka zisanu ndi chimodzi. Wansembeyo ndiye anawaphunzitsa kunyamula Ukaristiya mwakachetechete, ndipo ndi yemweyo ankawafotokozera za kwawo. Ankati kumeneko kuli njira zimene galimoto siloledwa kupondamo, zina m'mphepete mwa ngalande za madzi, zina momwe kale munkadutsa sitima koma njanji zake anazizula. Munthu amapalasa njinga kuchoka mudzi uno kukafika mudzi wina, kupyola minda ya mphesa ndi ya tirigu, osamva hutala ngakhale kamodzi, koma tcheni chabe ndi belu la tchalitchi. Atabwerera kwawo anatumiza chithunzi cha njira imodzi yotero, ya mitengo mbali zonse ziwiri. Bambo Raul amachisunga m'buku lawo la mapemphero, chatha m'makona momwe.

Poyamba iwo ankakwera kombi ngati tonsefe. Koma tsiku lina pa renki ya m'tauni, anthu akukankhana pakhomo la kombi, wakuba anaona chingwe pakhosi pawo n'kuyesa chikwama cha ndalama. Anadula chingwecho n'kuthawa. Bambo Raul anazungulira renki yonse mpaka madzulo, kuvundukula mabini, kusuzumira m'ngalande. Kathumbako sikanapezeke. Anafika ku parishi akulira ngati maliro, ndipo anatha miyezi itatu akukana kunyamulanso.

Atayambiranso, sanakwerenso kombi ndi Ukaristiya. Anayamba kufunafuna njira zawozawo. Anapeza kanjira ka m'mbali mwa njanji, kena kodutsa kuseri kwa mafakitale a ku Willowvale, kena kopyola m'minda ya chimanga ya m'dambo. Anaziphatikiza mpaka anatha kufika kwa wodwala aliyense wa mpingo wathu osayenda ndi magalimoto. Msewu waukulu ankangouwoloka, atatsika, akukankha njinga. Amayi a m'mphakati mwathu anatcha njirazo "France wa Bambo Raul". Akawaona ndi matope m'thalauza ankawaseka. "Bambo Raul, ku France kwagwa mvula? Mphesa mwatitengera?" Iwo ankayankha kuti mphesa sizinapse, kwapsa ndi zimbudzi zophulika zokha.

Ine ndine mayi ake a Clemence, ndimasesa m'tchalitchi ndi kuchapa nsalu za paguwa. Amuna anga a Fackson anagundidwa ndi lole pa msewu wa ku Masvingo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, akupita kuntchito pa njinga. Chichokereni tsiku limenelo sindinakwerenso njinga, ndipo kombi ikamadutsa pamalopo ndinkayang'ana pansi.

Amene anandigwira pa maliro amenewo anali Mayi Ofélia, nawonso a ku Tete, amene tinakhala nawo msewu umodzi zaka makumi atatu. Anagona kwathu mwezi wathunthu. Atadwala chaka chatha, mwana wawo Neide anawatengera kwake ku Waterfalls. Bambo mfumu anakawadzoza mafuta Lachitatu lina. Lamulungu lotsatira, mu February, Misa yoyamba itangotha, Neide anandiimbira foni.

"Amayi, anzanu aja akupita. Kuyambira m'mawa akungoti, 'Raul wabwera? Ndikufuna kulandira.' Anesi amene tinawaitana akuti masana safika."

Bambo mfumu anali kale m'galimoto, akuthamangira Misa ina kunja kwa tauni. Nditawauza, anatsika n'kulowa m'sakristiya kukakonza kabokosi. Pamene tinkawadikira pakhomo, Bambo Raul anandiyandikira n'kulankhula motsitsa mawu.

"Mayi a Clemence, mukwere kumbuyo kwanga."

"Ine? Pa njinga? Bambo Raul, mukundidziwa bwino."

"Ndikukudziwani. Koma maso anga atha. Lakumanzere lili ndi ng'ala, lakumanja likuona ngati muli utsi. Njira za kuno pafupi miyendo imazidziwa yokha, koma ku Waterfalls ndatha chaka osapitako."

"Bambo mfumu akudziwa?"

"Akadziwa andilanda kathumba."

"Ndiye tikwere kombi, ine ndikhale pambali panu."

"Makombi awiri, kudzera m'tauni, Lamulungu, iliyonse kudikira kuti idzaze? Tikapeza atamanga kale nsagwada. Ndipo pa renki ija sindipondapo ndi Ambuye. Inu muzingondiuza zomwe mukuona. Ine sindiyankha."

Ndinafuna kukana. Koma bambo mfumu anatuluka, Bambo Raul anagwada n'kulandira kathumba, ndipo panalibenso woti ndikangane naye. Ndinamanga chitenje changa mwamphamvu, n'kukhala chammbali pa keliyala, ndikugwira zitsulo za pansi pa chishalo.

Tinatsika kuseri kwa masitolo n'kulowa kanjira ka m'mbali mwa njanji. Ndinayamba ndi mawu ochepa, ngati ndikupemphera. "Mwala, kumanja. Madzi. Mayi wasenza nkhuni, imbani belu." Iwo ankakhota ndisanamalize kulankhula. Ndinazindikira kuti zambiri ankazidziwa kale: pomwe muzu wa mtengo unatumphuka, pomwe pali thabwa lowolokera ngalande. Chimene sankaona ndi zimene sizinalipo dzulo.

Kuseri kwa mafakitale kunali zii. Titalowa m'dambo, chimanga chinali chitatalika kuposa munthu, masamba ake ankandikwapula kumaso. Phokoso la tauni linazimirira. Ndinkangomva tcheni ndi kupuma kwawo. Kwa kanthawi ndinasiya kuopa, ndipo ndinaganiza kuti mwina wansembe uja sankanama.

Kenako chimanga chinatha mwadzidzidzi.

"Imani! Waya!"

Anagwira mabuleki, tayala lakutsogolo litatsala pang'ono kukhudza. Panali mpanda watsopano wa waya wodula kanjirako pakati, wotalika mbali zonse mpaka kosaoneka. Mkati mwake chimanga anali atachigwetsa ndi thirakitala, pali milu ya njerwa ndi zikhomo za mapuloti. Tsidya lake, patali ngati mabwalo awiri a mpira, ndinkaona mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi, pomwe Bambo Raul ankawolokera pa kamlatho ka oyenda pansi.

Iwo anatambasula dzanja n'kupapasa wayayo. Anaupapasa m'mwamba ndi m'munsi ngati akufuna chitseko.

"Imi sekuru, mirai ipapo!" Mlonda anatulukira kuseri kwa kanyumba ka malata mkati mwa mpandawo, pafupi ndi geti lokhoma, bambo wa zaka ngati makumi anayi, wovala jasi lalikulu, ndodo m'manja. Ankalankhula Chishona. "Mukuyeza waya wanga? Ndinu amene munadula mbali iyo Lachisanu?"

Bambo Raul anangoima.

"Ndikulankhula ndi inu, mdala. Mulibe pakamwa?"

Ine sindine munthu wolankhula ndi alendo. Ngakhale ku mphakati, akandipatsa mpata wopemphera mokweza ndimatuluka thukuta. Koma ndinatsika pa keliyala.

"Pepani bambo, sangayankhe. Tikupita kwa wodwala ku Waterfalls. Tiloleni tidutse, tingoyenda m'mphepete."

"Sangayankhe bwanji? Waledzera?" Anawayang'anitsitsa, n'kuona dzanja lili pachifuwa. "Wabisa chiyani umo? Pulayazi? Kapena ndi aja ogulitsa mankhwala ozunguza bongo kwa ana athu? Masiku ano ndi agogo omwe. Tulutsani."

Anapyoza dzanja pa mpata wa geti n'kugwira chingwe cha pakhosi pawo. Bambo Raul anafumbatira kathumbako ndi manja onse awiri, njinga n'kugwera pansi. Nkhope yawo inatuwa. Chingwe chinakungika mpaka chinalowa m'khungu la khosi.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pamenepo. Ndinangopezeka ndagwira mkono wa mlondayo ndi manja anga onse.

"Siyani! Muli Thupi la Ambuye m'menemo. Mayi akufa akudikira chimenechi. Mukadula chingwecho, mudule ndi dzanja langali."

Anandiyang'ana. Anayang'ana kolona yanga ndi duku la chigwirizano cha amayi limene ndinavala. Anamasula zala pang'onopang'ono.

"Ndinu a Roma?"

"Inde."

"Mukananena." Anapukuta dzanja lake pa jasi. "Agogo anga anali a Roma, ankabwera nazo zimenezo kunyumba. Koma kudutsa simudutsa, mayi. Kiyi ali ndi abwana, ine ananditsekera mkati ngati galu. Ndipo agalu enieni ali uko, awiri, sanadye."

"Nanga mpandawu ukuthera pati?"

"Kumtsinje. Ndipo kamlatho kanu kaja kanapita ndi madzi mu January. Pitani kumanzere, mukatulukira pa msewu wa ku Masvingo. Mlatho ndi womwewo basi."

Foni inalira m'chitenje. Anali Neide.

"Mwafika pati, amayi? Akupuma motalikitsa. Akatulutsa mpweya ndikumawerenga mpaka teni asanakokenso."

"Tili pafupi. Uwauze kukhutu kuti a Raul ali m'njira."

Bambo Raul anali atadzutsa kale njinga.

Tinatsata mpandawo mpaka tinayamba kumva malole. Pamene tinatulukira, ndinapadziwa pomwepo. Kuchokera apo kukafika pa mlatho ndi kupitirira mpaka pokhotera kwa Neide panali ngati makilomita awiri, ndipo pakati pake panali mtengo wa bulugamu pomwe ndinapeza nsapato ya a Fackson. Tikanayenda pansi tikukankha njinga, ndi mawondo angawa, ikanatha theka la ola.

Bambo Raul anaima m'mphepete mwa tala. Lole inadutsa, mphepo yake inawagwedeza. Anatembenuzira nkhope kwa ine. Ndinalidziwa funso lawo.

"Kwerani," ndinatero. "Koma pano mugwire handulo ndi manja awiri."

Anapukusa mutu, n'kukanikiza dzanja pachifuwa.

"Manja awiri, Bambo Raul. Kathumba ndigwira ndine."

Ndinakhala pa keliyala n'kuzunguliza mkono wanga kutsogolo kwawo, chikhatho changa pa kathumba. Chimwalirireni a Fackson ndinali ndisanagwirepo mwamuna chotero, ndipo ndinadziwa kuti akationa wa ku Kambuzuma nkhani ifika kwathu ife tisanabwerere. Pansi pa chikhathocho ndinkamva kabokosi kolimba, ndi mtima wawo ukugunda kuseri kwake. Anachotsa dzanja lawo n'kugwira handulo.

Tinalowa.

Kamzere ka m'mphepete kanali kopapatiza, kodyeka, kodzaza mchenga ndi magalasi osweka. Ndinasiya kulankhula motsitsa. "Lunjikani! Dzenje, kumanzere pang'ono! Basi, bwererani! Lole ikubwera kumbuyo, musagwedezeke!" Loleyo inatipitirira ndi matayala ataliatali ngati khoma loyenda, inkangopitabe osatha, utsi wake wotentha m'miyendo. Njinga inapendama, iwo anaiwongola. Ina inabwera. Ndinaona mtengo wa bulugamu ukuyandikira, ndipo khosi langa linafuna kuwerama monga mwa masiku onse. Koma ndikanayang'ana pansi, tonse awiri tikanakhala opanda maso. Ndinauyang'ana mtengowo mpaka tinaudutsa. Pansi pake panali mayi akugulitsa chimanga chootcha.

Tili pafupi ndi mlatho, kombi inatipitirira, hwindi, kondakitala wake, akulendewera pakhomo.

"Gogo, mugwireni bwino mdala wanuyo, angakuthaweni!" anakuwa, anthu m'katimo n'kuseka.

Nthawi yomweyo dalaivala anaona munthu akuimitsa kutsogolo. Anakhotera kumanzere osapereka chizindikiro, n'kuima pamaso pathu penipeni.

"Mabuleki! Mabuleki!"

Mabuleki akalewo analira, tayala lakumbuyo linaterereka mumchenga. Kumanja kunali basi ikubwera, kumanzere ngalande. Ndinaponda pansi ndi phazi, nsapato inavuka, chala chinakhula tala. Tayala lakutsogolo linagunda bampala ya kombi, pang'ono chabe, ndipo tinaima titapendekera, phewa langa litatsamira chitseko chake chakumbuyo. Dzanja langa linali likadali pa kathumba.

Hwindi anasuzumira. "Mukufuna kufera pa galimoto yathu? Njinga za makedzana kumsewu waukulu!" Anamenya denga, kombi n'kunyamuka.

Bambo Raul ankapuma ngati munthu wotuluka m'madzi. Anapapasa dzanja langa kuti amve ngati kathumba kalipo.

"Kalipo. Tiyeni. Nsapato isiyeni."

Tinawoloka mlatho, madzi a Mukuvisi ali ofiira pansi pathu. Ndinawerenga misewu yokhota mokweza, woyamba, wachiwiri, ndipo pa wachitatu tinasiya malole kumbuyo.

Neide anali pa geti, maso otupa. Sanatipatse moni, anangotsegula n'kuthamangira m'nyumba. Sindinadziwe ngati kuthamangako kunali kwa munthu amene mayi ake alipo kapena apita. Ndinawagwira Bambo Raul pa chigongono n'kuwalowetsa, phazi langa likusiya magazi pa simenti.

Mayi Ofélia anali atagona chagada, ochepa ngati mwana, kukamwa kuli yasa. Ndinaima pakhomo kudikira chifuwa chawo. Ndinawerenga mpaka seveni. Chinakwera.

Neide anali atayala kale kansalu koyera pa tebulo, ndi kandulo ndi kapu ya madzi. Bambo Raul anagwada, anavula kathumba, anatsegula kabokosi.

"Sakumeza," anatero Neide. "Kuyambira dzulo ngakhale phala."

Iwo anabenthula kachidutswa kakang'ono ngati njere ya mpunga, n'kukaika pa supuni ya madzi. Anapapasa pilo mpaka anapeza tsaya la wodwalayo. Ine ndinawongolera dzanja la supuni.

"Ofélia," anatero, mawu awo oyamba chichokereni ku Kambuzuma, osasa ngati a munthu wina. "Ndine Raul. Thupi la Khristu."

Zikope zinagwedezeka. Milomo inayenda, ndipo ngakhale mawu sanamveke tonse tinaona kuti ndi Amen. Madzi analowa. Tinayang'ana pakhosi pawo, tonse atatu, mpaka panasuntha.

Bambo Raul anadya chotsalacho, anatsuka zala m'kapu n'kumwa madziwo. Kenako anakhala pansi penipeni, msana kukhoma, n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Mayi Ofélia anamwalira dzuwa litangopendeka, tikunena kolona. Neide ananditsuka phazi n'kundipatsa masilipasi a mayi ake. Mwamuna wake anakweza njinga pa kagalimoto kake ka katundu n'kutiperekeza. Tikudutsa m'mbali mwa mpanda uja, ndinawauza Bambo Raul pamene tinali.

"France wafupika," anatero.

Tsiku lotsatira anapita okha kwa bambo mfumu kukanena za maso. Ndinali m'tchalitchi ndikusesa, ndipo ndinawaona akutuluka opanda kathumba. Bambo mfumu akasunga m'sakristiya mpaka achipatala atachotsa ng'ala ya Bambo Raul, ndipo dzina lawo lili pa mndandanda wodikira. Nkhani ya mkono wanga inafikadi ku Kambuzuma. Amayi a mphakati anandifunsa ngati ku France ndinapitako ndi pasipoti, ine ndinangowaonetsa chala chakuphazi chovulala chija.

Lachiwiri lapitali Bambo Raul anagogoda kwathu m'mawa, njinga ali nayo koma akukankha. Anati ku Waterfalls kwatsala odwala athu awiri, ndipo munthu wina wawauza kuti kumtunda kwa mpanda kuli paipi yaikulu yowoloka mtsinje, imene anthu amayendapo. Ankafuna kudziwa ngati ndi yotakata moti njinga n'kudutsapo. Ndinavala nsapato zotseka, ndinatseka chitseko, tinapita kukaiona.